Kale “Meat” Silinali Liwu la Nyama

Mwana wa sitandade 4 mukamufunsa tanthauzo la liwu la Chingerezi lakuti “meat”, sachedwa kuyankha kuti ndi nyama, ndipo amakhoza. Koma yankho lomwelo likanaperekedwa pamsika wa mumzinda wa London m'chaka cha 1390, amalonda akanayang'anana. Kwa iwo liwuli, limene ankalilemba “mete”, linkatanthauza chakudya cha mtundu uliwonse. Buledi anali “mete”. Phala linali “mete”. Tchizi, mazira, maapozi, ngakhale zimene ankapatsa akavalo m'khola, zonsezo zinali “mete”. Nyama nayo inali m'gulu lomwelo, koma pofuna kuitchula payokha anali ndi liwu lina, “flesh”.

Nkhaniyi si yongotayira nthawi podikira belu. Ambiri a ife timawerenga Chingerezi chakale kuposa mmene timaganizira: m'maphunziro a mabuku a Chingerezi, m'nyimbo zakale, makamakanso m'Baibulo la King James la mu 1611, limene likadali m'manja mwa ambiri m'mipingo yathu. Tikakumana ndi liwu lachilendo timaima n'kutsegula dikishonale, ndiye liwu lotero silitipweteka. Limene limatigwetsa ndi liwu loti nkhope yake tikuidziwa koma tanthauzo lake linasamuka kalekale. Timalidutsa osaima, tili otsimikiza kuti tamva, pamene tamva zina. “Meat” ndi limodzi mwa mawu otere, ndipo kuti tilimvetse tiyenera kubwerera kwa Angerezi a zaka 600 kapena 700 zapitazo n'kuona mmene ankaligwiritsira ntchito.

Chingerezi cha nthawi iti?

Akatswiri amagawa mbiri ya Chingerezi m'zigawo zitatu zikuluzikulu. Choyamba ndi Chingerezi chakale kwambiri, chimene mitundu ya Angles, Saxons ndi Jutes inabwera nacho pachilumba cha Britain m'zaka za m'ma 400, ndipo chinalankhulidwa mpaka cha m'ma 1100. Mngerezi wa lero sangachiwerenge popanda kuchiphunzira ngati chinenero chachilendo. Chachiwiri ndi Chingerezi chapakati, kuyambira cha m'ma 1100 kufika cha m'ma 1500. Chinaumbika William wa ku Normandy atagonjetsa England mu 1066 n'kubweretsa olamulira olankhula Chifalansa. Chimenechi ndi Chingerezi cha Geoffrey Chaucer, William Langland ndi otsatira a John Wycliffe. Chachitatu ndi chimene chinayamba m'nthawi ya William Tyndale ndi Shakespeare n'kufika mpaka kwa ife.

M'zigawo ziwiri zoyambirirazo liwu lathuli linkalembedwa “mete”, ndipo poyamba ankalitchula monga mmene Mchewa angaliwerengere, me-te, maphatikizo awiri. Patapita nthawi “e” woyamba anatalika, “e” womaliza anasiya kumveka, ndipo kalembedwe ka “ea” kanakhazikika m'zaka za m'ma 1500.

Achibale a liwuli akadali moyo kumpoto kwa Ulaya, ndipo ndiwo mboni za tanthauzo lake loyamba. Ku Sweden ndi ku Norway chakudya amati “mat”, ku Denmark “mad”, ku Iceland “matur”. Liwu la Chijeremani la mpeni, “Messer”, linachokera ku mawu awiri akale otanthauza chakudya ndi mpeni, ndipo Angerezi akale nawo anali ndi “meteseax”, mpeni wodyera. Ngakhale “mate”, limene lero limatanthauza mnzako, ndi la banja lomweli. Linalowa m'Chingerezi m'zaka za m'ma 1300 kuchokera ku Chijeremani cha kumpoto, ndipo poyamba linkanena munthu amene umadya naye pamodzi.

Ntchito zimene “mete” linkagwira

Ntchito yoyamba ndi imene tatchula kale: chakudya chonse, osasankha mtundu. Buku la maphikidwe lotchedwa The Forme of Cury linalembedwa cha m'ma 1390 ndi akuluakulu ophikira mfumu Richard II, ndipo lili ndi maphikidwe pafupifupi 200. M'mawu ake oyamba limalonjeza kuphunzitsa kaphikidwe ka “meetis” wamba za panyumba ndi zina zapamwamba. Mukalitsegula mupezamo nyama, inde, komanso nyemba, kabichi, mphonda, bowa, mpunga ndi saladi wa masamba osaphika. Zonsezo wophika wa mfumu ankaziika pansi pa dzina limodzi.

Ntchito yachiwiri inali kusiyanitsa chotafuna ndi chakumwa. Mawu akuti “mete and drinke” ankayendera limodzi ngati mtondo ndi munsi, kutanthauza zonse zimene munthu amafuna kuti akhale ndi moyo. Amapezeka m'ndakatulo, m'maulaliki, ngakhale m'malamulo a dziko. Lamulo la malipiro limene nyumba ya malamulo inakhazikitsa mu 1495 linati mmisiri womanga ndi miyala kapena kalipentala wamkulu azilandira mapeni 6 patsiku m'miyezi yotentha ngati akudzidyetsa yekha, ndi mapeni 4 ngati womulemba ntchito akumupatsa “meat” ndi chakumwa. Palibe amene ankaganiza kuti bwanayo walonjeza nyama tsiku lililonse. Linali phoso basi, ndipo mtengo wake unali gawo limodzi mwa magawo atatu a malipiro a tsiku.

Ntchito yachitatu inali kutchula nthawi ya chakudya. Angerezi akale kwambiri anali ndi “morgenmete”, kadzutsa, ndi “æfenmete”, mgonero, ndipo “nonemete”, chakudya cha masana, linapitirira mpaka m'Chingerezi chapakati. Munthu ankakhala “at mete”, kutanthauza kuti ali pa chakudya, ndipo alembi ankatchula nthawi ya tsiku ponena kuti chinthu chinachitika “mete” isanakwane kapena itatha, monga mmene ife timanenera kuti tionane ikatha nkhomaliro. Mmodzi mwa anthu a paulendo m'buku la Chaucer la The Canterbury Tales, limene anayamba kulilemba cha m'ma 1387, ndi mayi wamkulu wa nyumba ya masisitere. Chaucer akuti mayiyu anaphunzitsidwa bwino khalidwe la pa “mete”: sankagwetsa nyenyeswa, sankamiza zala kwambiri mu msuzi, ankapukuta mlomo asanamwe. Apa sakunena luso lodyera nyama, akunena ulemu wa patebulo. Mizere yochepa pambuyo pake akutiuza kuti mayiyu anali ndi agalu ang'onoang'ono amene ankawadyetsa nyama yootcha, mkaka ndi buledi woyera, ndipo nyamayo akuitchula “flessh”. Mawu awiriwa ali patsamba limodzi, lililonse pantchito yake.

Ntchito yachinayi inali chakudya cha zamoyo zina. “Horsemete” sinali nyama ya kavalo koma udzu ndi mbewu zodyetsera kavalo. Alaliki pokumbutsa anthu za imfa ankatchula thupi la munthu kuti “wormes mete”, chakudya cha mphutsi. Panalinso ntchito yachisanu, yotchula mbali yodyedwa ya chinthu chokhala ndi chikamba, monga mtedza kapena dzira. Imeneyi sinafe, chifukwa mpaka lero zoyera za mkati mwa kokonati amazitchula “meat” m'Chingerezi. Pomaliza, olemba mabuku achipembedzo ankanena za “gostly mete”, chakudya cha mzimu, potanthauza mawu a Mulungu kapena mgonero wa Ambuye.

Popeza liwuli linali lotambalala chonchi, munthu wofuna kutchula mtundu wa chakudya ankaliphatikiza ndi liwu lina. “Bake mete” chinali chakudya chokutidwa ndi ufa wokanda n'kuphikidwa mu uvuni. Chaucer, pofotokoza mwinimunda wina wolemera ndi wokonda alendo, akuti m'nyumba mwake “bake mete” ya nsomba ndi ya nyama sinkatha, ndipo chakudya ndi zakumwa zinkagwa ngati chipale chofewa. “Swete mete” zinali zotsekemera, ndipo liwulo lilipobe monga “sweetmeat”. Chosokoneza kwambiri ndi “whit mete”. Lero wophika akanena “white meat” amatanthauza nkhuku. M'zaka za m'ma 1400 mawuwa ankanena mkaka, tchizi, batala, nthawi zina ndi mazira omwe.

Nanga nyama ankaitchula chiyani?

Dzina la nyama linali “flesh”, monga mmene Ajeremani amanenera “Fleisch” mpaka lero. Wogulitsa nyama anali “fleshmonger” liwu la Chifalansa la “butcher” lisanafalikire. Msewu wotchuka wa ku York wotchedwa Shambles unali msika wa ogulitsa nyama, ndipo dzina lake lakale linali ndi liwu la “flesh” kutsogolo. Ku Edinburgh kukadali kanjira kotchedwa Fleshmarket Close, ndipo ku Scotland wogulitsa nyama ankatchedwa “flesher” kwa zaka mazana ambiri. Ofuna kumveketsa bwino ankaphatikiza mawu awiriwa n'kunena “flesh mete”, chakudya cha nyama, ndipo kaphatikizidwe kameneka kanalipo kale m'Chingerezi chakale kwambiri.

Kusiyanitsa kumeneku kunali kofunika chifukwa mpingo wa nthawi imeneyo unagawa chaka m'masiku a nyama ndi masiku a nsomba. Nyama inkaletsedwa masiku 40 a Lenti, Lachisanu lililonse, madzulo a zikondwerero zikuluzikulu, ndipo m'nyumba zambiri Lachitatu ndi Loweruka. M'nyengo ya Lenti ngakhale “whit mete” inkaletsedwa, mpaka mfumu Henry VIII inaloleza mu 1538. Malamulo a amonke amene Benedict wa ku Nursia analemba m'zaka za m'ma 500 ankaletsa nyama ya zamiyendo inayi kupatula kwa odwala. Tsono munthu wa nthawi imeneyo akanati akusala “mete”, ndiye kuti sakudya kanthu. Akanati akusala “flesh”, ndiye kuti akudya ndithu, koma nyama ayi. Kusokoneza mawu awiriwa kukanakhala kusokoneza kusala kudya ndi kusintha ndiwo.

Tikumbukirenso kuti kwa munthu wamba nyama sinali maziko a chakudya. Mlimi wa ku England wa m'zaka za m'ma 1200 ankakhalira buledi wa balere kapena wa mbewu zosakaniza, phala lokhuthala la nsawawa, nyemba ndi masamba, ndi mowa wopepuka. Kachidutswa ka nyama yankhumba yamchere, tchizi kapena nsomba kankangoperekeza buledi. Chingerezi chinali ndi mawu a choperekeza chimenechi: “sufel” m'nthawi yakale kwambiri, “sowel” ndi “companage” m'nthawi yapakati. Chingerezi cha lero chinataya mawuwa ndipo chimavutika kulongosola lingalirolo, koma ife sitivutika. Ndi ndiwo.

Mmene liwuli linachepera

Kuyambira cha m'ma 1300 zolembedwa zimayamba kuonetsa “mete” ali yekha akutanthauza nyama, koma tanthauzo limeneli linali laling'ono pakati pa ena onse aja. Chakudza sichiimba ng'oma: panalibe tsiku limene Angerezi anagwirizana zosintha. Matanthauzo awiriwa anayendera limodzi zaka mazana angapo, lina likukula, lina likufota. Tingatchule zinthu zinayi zimene zinathandiza kuti latsopanolo lipambane.

Choyamba ndi kusintha kwa kadyedwe. Mliri waukulu umene unafika ku England mu 1348 unapha pakati pa gawo limodzi mwa magawo atatu ndi theka la anthu onse. Otsala anapeza kuti antchito ndi ochepa, malipiro akwera ngakhale boma linayesa kuwaletsa ndi malamulo a mu 1349 ndi 1351, ndipo minda yambiri yasanduka msipu wa nkhosa ndi ng'ombe. Wolemba mbiri Christopher Dyer anasanthula mabuku a ndalama a munda waukulu wa ku Sedgeford m'chigawo cha Norfolk, ndipo anaonetsa kuti pa chakudya cha anthu okolola gawo la buledi linatsika kwambiri pakati pa zaka za m'ma 1200 ndi za m'ma 1400, pamene la nyama linakwera. William Langland, m'ndakatulo yake yaitali ya Piers Plowman ya m'zaka za m'ma 1370, akudandaula kuti aganyu ayamba kukana masamba ogona ndipo akufuna nyama kapena nsomba yatsopano, yotentha. Liwu lotambalala limakonda kukokedwa ndi chinthu chimene anthu akuchiona chachikulu m'gululo. Timaona zomwezo ndi liwu lathu la ufa. Mwana akatumidwa ufa amabweretsa wa chimanga osafunsa, ndipo wofuna wa tirigu kapena wa chinangwa ayenera kuwonjezera mawu.

Chachiwiri, panali liwu lina lokonzeka kutenga mpando. “Fode”, kholo la “food”, linalipo kuyambira kale, ndipo pamene “mete” linkachepa, ilo linatambalala n'kudzaza malowo.

Chachitatu, “flesh” linali ndi katundu wina wolemera. Linkanena mnofu wa munthu wamoyo, ndipo paguwa linkanena thupi lolimbana ndi mzimu. Alaliki ankachenjeza kawirikawiri za adani atatu: dziko, “flesh” ndi mdyerekezi. N'zosadabwitsa kuti pang'onopang'ono anthu anakonda liwu lina potchula chimene chili m'mbale.

Chachinayi, cha m'ma 1300 Chifalansa chinabweretsa mayina a nyama iliyonse payokha: “beef”, “mutton”, “pork”, “veal” ndi “venison”. Walter Scott, m'buku lake la Ivanhoe la mu 1819, anafalitsa nkhani yoti alimi achingerezi ankaweta ziweto n'kumazitchula m'Chingerezi, pamene mabwana achifalansa ankazidya n'kumazitchula m'Chifalansa. Nkhaniyo ndi yokoma kumva, koma m'nthawi yapakati “beef” ndi “mutton” ankanenanso ng'ombe ndi nkhosa zamoyo, ndipo malire amene tikuwadziwa lero anakhazikika mochedwa. Chimene mayinawa anachita ndi kuchepetsa ntchito ya “flesh” kukhitchini.

Pofika 1755, Samuel Johnson m'dikishonale yake anaika nyama monga tanthauzo loyamba la “meat”, ndipo chakudya chonse chinabwera pachiwiri. Lero tanthauzo lakalelo latsala m'makona ochepa: mu “sweetmeat”, mu “mincemeat” wa pa Khirisimasi amene kawirikawiri amakhala zipatso zouma ndi zokometsera, ndi m'mwambi wachingerezi wonena kuti “meat” ya wina ndi poizoni kwa mnzake.

Pamene liwuli linalowa m'Baibulo

Baibulo lathunthu loyamba la Chingerezi linamasuliridwa kuchokera ku Chilatini ndi otsatira a John Wycliffe m'zaka za m'ma 1380, ndipo linakonzedwanso iye atamwalira mu 1384. Makope ake olembedwa pamanja pafupifupi 250 alipobe. Omasulirawo ankalankhula Chingerezi chimene tafotokozachi, choncho mawu a Chilatini a chakudya, “cibus” ndi “esca”, anawamasulira “mete”, ndipo liwu la nyama, “caro”, analimasulira “fleisch”. William Tyndale, amene Chipangano Chatsopano chake chinasindikizidwa mu 1526, anasunga kusiyanitsaku ngakhale ankamasulira kuchokera ku Chigiriki. Omasulira a King James anatsata mapazi ake. Motero buku la mu 1611 linatibweretsera tanthauzo la m'zaka za m'ma 1300.

Tikadziwa zimenezi, mavesi ambiri amaongoka. Pa Genesis 1:29 zitsamba zobala mbewu ndi zipatso za mitengo zikutchedwa “meat” ya munthu. Pa Mateyu 3:4 “meat” ya Yohane Mbatizi ndi dzombe ndi uchi wa kuthengo. Mu Levitiko 2 muli nsembe yotchedwa “meat offering”, koma zopangira zake ndi ufa wosalala, mafuta ndi lubani. Ndiyo nsembe imene munalibe nyama, ndipo okonzanso Baibulo la Chingerezi mu 1885 anaisintha kukhala “meal offering” poona kuti owerenga akusokonezeka. Pa Machitidwe 27:33-36 Paulo akupempha anthu a m'chombo kuti alandire “meat”, ndipo chimene akutenga m'manja n'kunyema ndi mkate. Pa 1 Akorinto 8:13 mawu onse awiri ali m'vesi limodzi: “meat” ikuimira liwu la Chigiriki la chakudya, “broma”, ndipo “flesh” ikuimira liwu la nyama, “kreas”. Pa Yohane 21:5 Yesu ali m'mbali mwa nyanja akufunsa ophunzira ngati ali ndi “meat”. Liwu la Chigiriki pamenepo ndi “prosphagion”, chodyera mkate, ndipo amene anamasulira Uthenga Wabwino m'Chingerezi chakale kwambiri anaikapo liwu lija la ndiwo.

Kudziwa mbiri ya liwuli sikukondera mbali ina pa mikangano ya zakudya. Kumangotiletsa kulisenzetsa katundu amene si wake. Pa 1 Timoteo 4:3 ndi pa Aroma 14:20 liwu la Chigiriki ndi la chakudya, choncho wolalikira amene wawerenga “meats” n'kumanga mfundo yake yonse pa nyama wamanga pa tanthauzo la lero, osati la omasulira. Mu Danieli 1 “meat” ya mfumu ndi gawo la chakudya chochokera patebulo la mfumu, ndipo liwulo palokha silitiuza zimene zinali m'mbale. Komanso tisathamangire kunena kuti “meat” sangakhale nyama. Pa Genesis 9:3 zamoyo zoyenda zikutchedwa “meat”, ndipo pa Luka 24:41-42 Yesu atapempha “meat” anapatsidwa nsomba yootcha. Liwulo limangoti chakudya. Mtundu wake timaupeza m'nkhani yozungulira.

Amene amawerenga mabuku a Ellen G. White m'Chingerezi aona kuti kawirikawiri amalemba “flesh meat” kapena “flesh foods”, ndipo mu The Ministry of Healing ya mu 1905 muli mutu wotchedwa “Flesh as Food”. Kumeneko si kubwereza mawu. Ndi kaphatikizidwe kakale kaja, kamene kanali kasanazimiririke m'nthawi yake, ngakhale iye amagwiritsanso ntchito “meat” payekha m'tanthauzo la lero.

Si “mete” aliyense amene ali chakudya

Wophunzira amene watsegula buku la Chaucer kapena la Langland ayenera kusamala ndi msampha wina. M'Chingerezi chapakati kalembedwe kanali kosakhazikika, ndipo mawu angapo osiyana ankaoneka ofanana papepala. Panali mneni “meten” wotanthauza kukumana, kholo la “meet”. Panali “meten” wina wotanthauza kuyeza, amene watsala m'mawu akuti “mete out”. Panalinso wachitatu wotanthauza kulota, amene anafa osasiya mwana. Wolemba ndakatulo akanena “me mette”, ndiye kuti akuti ndinalota. Langland anasewera ndi kufanana kumeneku poika m'mizere yoyandikana “meteles”, wopanda chakudya, ndi “metels”, loto.

Panalinso mfotokozi “mete”, wotanthauza choyenera. Ameneyu ndiye amene timamumva pa maukwati. Pa Genesis 2:18 Baibulo la King James lili ndi mawu awiri osiyana, “help” ndi “meet”, kutanthauza womthandiza woyenerana naye. Owerenga a m'mibadwo yotsatira, ataiwala mfotokoziyo, anaphatikiza mawuwo n'kupanga dzina latsopano, “helpmeet”, limene omasulira sanalilembe.

Tiwerenge motani?

Pali zizolowezi zitatu zimene zingatipulumutse, osati pa “meat” yekha komanso pa anzake monga “corn”, limene linkanena mbewu iliyonse, ndi “deer”, limene linkanena nyama yakuthengo iliyonse. Choyamba, tifunse chaka chimene buku linalembedwa kapena kumasuliridwa tisanakhulupirire dikishonale ya m'mutu mwathu. Chachiwiri, tiyang'ane oyandikana nalo. “Meat” akayenda ndi “drink”, ndi chakudya chonse. Akakhala pafupi ndi “flesh”, wolemba akusiyanitsa zinthu ziwiri. Chachitatu, tifananize. Dikishonale yaikulu ya Chingerezi chapakati, Middle English Dictionary, imene University of Michigan inamaliza mu 2001, imapezeka kwaulere pa intaneti ndipo imaonetsa tanthauzo lililonse pamodzi ndi zitsanzo zake ndi zaka zake.

Pa mavesi a m'Baibulo thandizo lili pafupi kuposa pamenepo. Enafe timaganiza kuti Baibulo la Chingerezi ndilo lili ndi mawu omaliza, ndipo la Chichewa ndi la amene sanapite patali ndi sukulu. Koma titsegule Levitiko 2 m'Buku Lopatulika: nsembe ija ikutchedwa yaufa, mosabisa kanthu. Pa vesi limenelo agogo amene akuwerenga Chichewa pabenchi lakumbuyo amamva zolondola msanga kuposa wophunzira wa chaka chachinayi amene wanyamula King James osadziwa mbiri ya liwu limodzi. Mawu a akulu akoma akagonera, koma amafuna womvera amene akudziwa mmene akuluwo ankalankhulira.